Sensa ya potaziyamu imasinthasintha manambala: mmene ndinaikonzera

Ndimayeza potaziyamu m'madzi othirira mbatata kuno ku Bembeke. Sensa yanga, kachipangizo koyezera kamene ndimaviika m'madzimo, ilibe madzi mkati ngati zachikale zija. Pansi pa kachikopa ka kunsonga kwake pali PEDOT, pulasitiki yodutsa magetsi, imene imasandutsa kuchuluka kwa ma ion (tizidutswa ta potaziyamu tokhala ndi mphamvu ya magetsi) kukhala mavolti.

Itakhala m'kabati miyezi iwiri, manambala anayamba kuyenda okha. Chikho chimodzi chomwecho, koma nambala inkangotsika osaima. Ndinasintha batire, osatheka. Ndinatsuka ndi madzi a pamjigo, zinangoipiraipira.

Vuto linali lakuti kachikopako kanauma.

Ndinagula madzi a distilled, omwe aja timathira m'batire ya galimoto, ndipo ndalama ndinawononga pamenepo basi. Ndinasungunula magalamu 0.75 a KCl, mchere wa potaziyamu, mu lita imodzi, n'kuviikamo nsongayo usiku wonse. Apa ndiye pagona nkhani. Ulendo woyamba ndinaichotsa patangotha ola limodzi chifukwa cha phuma, ndipo inkayendabe. Kachikopako kamamwa ma ion pang'onopang'ono, sikafuna kukakamizidwa. Musakapukutenso ndi nsalu, kamakalika msanga.

M'mawa, pofuna kuona ngati sensayo yakonzeka, ndinatunga gawo limodzi la madzi a KCl aja n'kuonjeza magawo 9 a distilled, kenaka ndinayeza zikho zonse ziwiri. Kusiyana kwake kumayenera kukhala pafupifupi mamilivolti 59 kukafunda madigiri 25. Ndi chisanu cha ku Dedza cha mu June, madigiri 15, mudzapeza cha m'ma 57, musadandaule nazo. Yanga inafika pomwepo n'kukhazikika.

Tsopano ndimaiviika usiku uliwonse woti mawa ndikayeza kumunda.