Oilo wa injini mutha kusintha nokha pakhomo, bola musapupulume

Eni magalimoto ambiri kuno kwathu, makamaka ife oyendera ma ex-Japan awa, ma Vitz, Passo, Sienta, Probox, Note, Fit ndi anzawo, timaona ngati kusintha oilo ndi ntchito ya makaniko yekha basi, ndiye galimoto imatha miyezi ikuyenda ndi oilo wakuda bii chifukwa ndalama ya sevisi sinakwane kapena galaja ili kutali. Ntchito imeneyi mutha kuigwira nokha pakhomo m'mawa wa Loweruka, ndipo kwa ine phindu lake lalikulu si ndalama ya leba imene mwapulumutsayo ayi, koma loti mumaona ndi maso anu oilo amene walowa mu injini, nambala yake, kuchuluka kwake, komanso kuti filita yasinthidwadi osati kungoipukuta kunja. Amakaniko okhulupirika alipo ndithu, koma mwini galimoto ndinu, muyenera kudziwa chimene ikumwa.

Tiyambire kogula, poti ambiri amalakwitsa asanagwire n'komwe sipanala. Pa chigubu cha oilo pamakhala manambala monga 5W-30, 10W-40, 15W-40 kapena 20W-50. Yoyambayo, ya W ija, ikunena mmene oilo amayendera injini ili yozizira, ikakhala yaing'ono ndiye kuti oilo amakwera msanga kukafika pamwamba mukangoliza m'mawa, pomwe yachiwiriyo ikunena kukhuthala kwake injini ikatentha. Tsono pali chizolowezi chofala chongothira 20W-50 m'galimoto iliyonse, ati chifukwa kuno n'kotentha ndipo oilo wolemera ndiye wamphamvu. Zimenezo zinkathandiza m'mainjini akale aja okhala ndi mipata ikuluikulu, koma mainjini a masiku ano tinjira take ta oilo ndi tating'ono kwambiri, komanso VVT-i ija, makina osintha nthawi yotsegukira ma valavu, imagwira ntchito ndi mphamvu ya oilo yemweyo, ndiye mukaika wolemera kwambiri amachedwa kufika pofunika, injini imagogoda m'mawa, ndipo petulo amapita wambiri mosadziwika bwino. Ma Toyota ang'onoang'ono ambiri buku lake limanena 5W-30 kapena 0W-20, ndipo ma hybrid monga Aqua ndi Prius amafuna wopepuka uja 0W-20. Buku likakhala la Chijapani musalitaye, manambala amawerengeka ndithu, ndipo magalimoto ena amalemba pa chivindikiro chothirira pomwepo. Injini yokalamba imene yayamba kudya oilo mutha kuikwezera pang'ono kufika 10W-40, koma kambiranani kaye ndi makaniko woidziwa. Inu a dizilo, a Hilux ndi ma pikapu ena, oilo wanu ndi wina, yang'anani pamene palembedwa API, wa dizilo amayamba ndi C monga CH-4 kapena CI-4, wa petulo amayamba ndi S monga SL kapena SN.

Gulani chigubu chomata bwinobwino pa filing'i siteshoni kapena m'sitolo yodziwika. Oilo wopungulira m'mabotolo a madzi, wosadziwika kochokera, musayerekeze, alipo anthu amene amangosefa oilo wakale n'kumagulitsanso, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa kayikirani. Pogula filita pitani ndi nambala ya chasisi kapena dzina la injini, kaya 1NZ kaya 1KR, chifukwa ma Vitz awiri ooneka ofanana kunja amatha kukhala ndi mafilita osiyana, ina ndi ya chitini yongopotera, ina ndi ya pepala yolowa m'kabokosi kake. Gulaninso washa watsopano wa bawuti ya sampu, yomwe ndi chosungira oilo cha pansi pa injini, ndi kanthu kotchipa koma kamapulumutsa zambiri. Injini ya 1NZ, ya 1.5 ija ili m'ma Probox ndi Sienta ambiri, imalowa malita pafupifupi 3.7 mukasintha ndi filita yomwe, ya 1KR ya masilinda atatu imalowa malita 3 ndi pang'ono, choncho chigubu cha malita 4 kapena 5 chikukwanirani.

Zida si zambiri. Sipanala ya ring'i kapena soketi yokwana bwino, ma Toyota ambiri ndi 14 pomwe ma Honda ndi 17, osati sipanala yosintha kukula ija chifukwa imatafuna mutu wa bawuti. Chomasulira filita, beseni lakale lokwana malita 6 kapena kuposa, sanza, magolovesi, ndi botolo lodula pakati lothirira, basi.

Apa ndiye ndikupemphani mumvetsetse, chifukwa injini ikawonongeka imakonzedwa koma munthu wopsinjidwa ndi galimoto sabwerera. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, olimba, osati pamchenga kapena pamtsetse. Lizani injini mphindi zitatu kapena zisanu kuti oilo afunde asungunuke, kenako zimitsani, ngati mwangochokera ulendo wautali dikirani izizireko chifukwa oilo wowira amasupula khungu. Wa hybrid onetsetsani kuti kanyali ka READY pa dashibodi kazima ndipo kiyi ali kutali, galimoto zimenezi zimatha kudziliza zokha inu muli pansi sampu ilibe kanthu. Kokani handibuleki, giya ikhale pa P kapena pa 1, ikani miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala akumbuyo. Jeke ntchito yake ndi kukweza basi, si yogonera pansi pake, makamaka kajeke kobwera ndi galimoto kaja kamangopendekeka kamodzi n'kamodzi osachenjeza. Mukakweza ikani masitandi pamalo olimba a chasisi, ngati mulibe pezani zipika za mtengo wolimba zodulidwa mosalala, koma njerwa ndi mabuloko a simenti ayi ndithu, zimaphwanyika mwadzidzidzi. Lowetsaninso tayala la sipeya pansi cham'mbali ngati chitetezo chachiwiri, kenako gwedezani galimotoyo ndi mphamvu musanalowe, ikasuntha konzaninso. Pakhale munthu wamkulu pafupi amene angakumveni mukaitana, ana akasewere kutali. Galimoto zazitali monga ma pikapu nthawi zambiri sizifuna n'kukweza komwe.

Tsegulani boneti, masulani chivindikiro chothirira kuti oilo atsike bwino, kenako lowani pansi, ena mupeza chipulasitiki chotchinga chofunika kuchotsa kaye. Musathamangire bawuti yoyamba imene mwaiona. Pansipo pali sampu ya injini komanso ya giyabokosi, zonse zili ndi bawuti yokhetsera, ndipo ambiri mwa ma ex-Japan awa ndi a giyabokosi ya mtundu wa CVT imene mafuta ake ndi odula komanso othira movuta. Zimachitika ndithu munthu kukhetsa giyabokosi, n'kukathira malita 4 atsopano mu injini yodzaza kale, akuliza wawononga zonse ziwiri. Sampu ya injini ili molunjika pansi pa injini, mbali imene kuli malamba ndi dipisitiki, kachitsulo koyezera oilo kaja, ndipo mukamasula n'kuona kuti akutuluka mafuta ofiira kapena oyera obiriwirako, tsekani msanga, si amenewo.

Beseni muliike chakutsogolo pang'ono kumene bawuti yaloza chifukwa oilo amayamba ndi kuthamanga. Masulani chakumanzere ndi sipanala, ikafewa malizani ndi zala mukuikankhira mkati, ulusi ukatha ichotseni mwachangu. Musiyeni akhe mphindi 10 kapena 15 mpaka azingodontha, ndipo nthawi imeneyi musamangokhala, muyang'aneni oiloyo padzuwa. Kuda kokha si vuto, ndiye ntchito yake yotola litsiro, makamaka wa dizilo amada msanga. Koma akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi a rediyeta akulowa mu injini, kawirikawiri gasiketi ya hedi yapsa, ndipo mukaona tizitsulo tonyezimira pansi pa beseni ndiye kuti mkatimo zinthu zikudyana. Ziwiri zimenezi oilo watsopano sangazichiritse, pitani kwa makaniko. Ndipo zothira dizilo kapena palafini mu injini n'kuiliza ati kuti itsukike, chonde zisiyeni, zimenezo sizitereretsa zitsulo, mabering'i amakhulana osatetezedwa, komanso zimatha kusomphola matope akale n'kukatseka sefa yokokera oilo m'sampu. Injini yamatope imayera pang'onopang'ono mukamasintha oilo wabwino pafupipafupi.

Pukutani bawuti, chotsani washa wakale amene nthawi zina amakakamira pa sampu, ikani watsopano. Yambani kumanga ndi zala mpaka ifike, ikalimba isanalowe bwino ndiye kuti yapingasa, bwezani muyambirenso. Kenako limbitsani ndi sipanala ndi dzanja limodzi moti yagwira, amene muli ndi sipanala yoyezera ndi 38 Nm kapena chapomwepo pa injini ya 1NZ, pa zina onani buku lake. Osawonjezera paipi, osaponda ndi phazi, ulusi wa sampu ukatha ntchito ya ola limodzi yasanduka ya masiku.

Sunthirani beseni pansi pa filita chifukwa namonso mumatsala oilo. Mukaichotsa, yang'anani ngati karabala kake kozungulira katuluka nayo limodzi, nthawi zina kamatsala pa injini ndipo mukamangirira filita yatsopano pamwamba pake, marabala awiriwo amaphulika galimoto ikuyenda, oilo yense amatayikira pamsewu m'kanthawi kochepa. Pukutani pamalopo, pakani oilo watsopano ndi chala pa rabala yatsopano, potani ndi dzanja mpaka rabala ikhudze, kenako onjezerani magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi, ndi dzanja lomwelo osati chida. Ya pepala ija imabwera ndi marabala ake m'bokosi, asintheni onse, ndipo chivindikiro chake chikakhala cha pulasitiki muchimange mofatsa chimang'aluka.

Tsitsani galimoto ikhale pamatayala ake onse musanayeze. Thirani kaye wocheperako pa malita amene injini yanu imalowa, monga malita 3 pa 1NZ, dikirani pang'ono, solorani dipisitiki, pukutani, bwezerani mpaka pansi, solorani kachiwiri ndiye muwerenge. Oilo akafika pakati pa zizindikiro ziwiri zija tsekani chivindikiro n'kuliza injini osaponda moto. Kanyali kofiira ka oilo pa dashibodi kayenera kuzima m'masekondi ochepa filita ikadzaza, kakapitirira kuyaka zimitsani nthawi yomweyo mufufuze. Ikulira choncho suzumirani pansi muone pa bawuti ndi pa filita ngati pakudontha. Zimitsani, dikirani mphindi zisanu, yezaninso, mupeza watsikako poti wina walowa m'filita, ndiye onjezerani pang'onopang'ono mpaka ayandikire chizindikiro chapamwamba osachidutsa. Ena amati wotsala m'chigubu angomaliziramo kuti asawonongeke, ayi, oilo akachuluka shafiti imamumenya n'kuchita thovu, thovu silitereretsa, masilu amayamba kudontha ndipo galimoto imafuka utsi. Wotsalayo sungani wowonjezera m'tsogolo. Usiku umenewo yalani katoni pansi pa injini, m'mawa muone ngati pali dontho.

Lembani tsiku, makilomita ndi nambala ya oilo m'kabuku kosungira m'galimoto momwemo. Mabuku ena amanena makilomita ambiri, koma ndi fumbi lathu la m'chilimwe, misewu yadothi, maulendo afupiafupi a m'tauni ndi kuima pamizere injini ikulira, ine ndimalangiza makilomita 5,000 kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana, ndipo filita isinthidwe nthawi zonse limodzi ndi oilo. Inu oyendetsa ma Sienta onyamula anthu tsiku ndi tsiku mudzapeza kuti 5,000 imakwana msanga kwambiri, musadikire miyezi 6 ija. Galimoto yongofika kumene kuchokera ku doko la Dar es Salaam kapena Durban isinthireni ikangofika, simukudziwa oilo ali m'menemo anathiridwa liti. Muli pomwepo tsegulaninso filita ya mpweya muione, ikadzaza fumbi isintheni, ndipo ikang'ambika ndiye kuti fumbi likulowa mu injini kukadetsa oilo wanu watsopanoyo.

Tsono oilo wakudayo apita kuti? Apa ndi pamene pamandipweteka mtima ndikamayenda m'makomo. Ena amathira m'ngalande, ena pabwalo kuti fumbi ligone, ena m'chimbudzi chokumba ati kupha fungo ndi ntchentche, ena mpaka kupaka pa zilonda za ng'ombe kapena pa galu wa mphere. Oilo wogwira kale ntchito ali ndi tizitsulo ndi zotsalira za moto wa mu injini zimene ndi poizoni, sawola msanga, amalowa pansi ndi mvula kukafika ku chitsime ndi mjigo umene banja lanu ndi aneba akumwa, m'chimbudzi amapha tizilombo towoletsa zinyasi ndiye dzenje limadzaza msanga, ndipo chiweto chimanyambita pachilonda n'kudwala. Ngakhale pakhungu panu si wabwino akamakhalapo kawirikawiri, n'chifukwa chake ndati magolovesi, ndipo mukamaliza sambani ndi sopo osati petulo. Mumupungulire m'chigubu china cha oilo chopanda kanthu, tsekani molimba, lembani kuti OILO WAKALE, osamuika m'botolo la zakumwa pamene ana angafikire. Filita yakale muizondotse m'beseni usiku wonse ikhe kenako muikulunge m'jumbo. Pamene patayikira thirani mchenga kapena utuchi, wolani, muike m'jumbo momwemo. Musanayambe n'komwe ntchitoyi funsiranitu ku galaja kapena pa filing'i siteshoni yosintha oilo imene ili pafupi nanu ngati amalandira wakale, ena amakhala ndi mgolo wosungiramo, ndiye mukatengere chigubu chanucho kumeneko ulendo wotsatira wopita m'tauni.