Kusankha kamera yoyezera kuwala kwa nyenyezi

Anzanga a kuno ku Kasungu amene mukufuna kuyeza nyenyezi zomwe kuwala kwake kumakwera n'kutsika, monga Mira kapena Eta Carinae, musakopeke ndi kamera chifukwa chotulutsa zithunzi zokongola. Ntchitoyi ndi ya manambala. Chachikulu n'chakuti kuwala kukawonjezeka kawiri, nambala yomwe kamera ikulemba iwonjezekenso kawiri. Yesani nokha: jambulani nyenyezi imodzi kwa masekondi 5, 10, 20 ndi 40, muone pamene manambala asiya kukwera mogwirizana ndi nthawiyo. Amenewo ndiwo malire a kamera yanu, musawapyole.

Ngati thumba lilola, gulani ya monochrome, yosajambula mitundu, muikepo fyuluta ya Johnson V, galasi losefa kuwala lomwe oyeza nyenyezi amagwiritsa ntchito, kuti zotsatira zanu zifanizike ndi za ena otumiza ku AAVSO, bungwe losonkhanitsa zotsatira za oyeza nyenyezi zotere. Yokhala ndi choziziritsira imathandiza kwambiri m'kutentha kwa Okutobala, kungoti zambiri zimafuna magetsi a 12V, ndiye konzeranitu batire la sola.

Kamera wamba ya DSLR, ija yosintha malenzi, yomwe muli nayo kale musaiderere. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga manambala a kamera osasinthidwa, osati JPEG, sokonezani fokasi pang'ono kuti kuwala kugwere mapikiseli (timadontho topanga chithunzi) ambiri, kenaka yezani gawo lobiriwira lokha la chithunzicho. Yambani mu Meyi kapena Juni, fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire zisanadzaze mlengalenga.