Kulowa mu kompyuta ya ku ofesi muli kutali: musatsegule 3389

Ntchito yanga ndi yosamalira makompyuta a m'maofesi ang'onoang'ono, ndipo pempho lomwe silisowa ndi lakuti: "Ndikufuna ndizigwira ntchito pa kompyuta ya ku ofesi ndili kunyumba." N'zotheka ndithu. Windows ya mtundu wa Pro ili kale ndi Remote Desktop, pulogalamu yoyendetsera kompyuta muli kutali, mumangoiyatsa mu Settings. Ya Home imatha kulowa mu inzake koma siilola kulowedwa, ndiye musataye nthawi kufunafuna batani lomwe kulibe. Zimayamba kulakwika pamene munthu wapita pa rauta, kachipangizo kolumikiza ofesi ku intaneti, n'kutsegula port 3389, khomo lomwe Remote Desktop imadzera, kuti izioneka pa intaneti. Chimenecho chokha ndiye ndikuti musachite.

Pali makompyuta omwe ntchito yawo usana ndi usiku ndi kugogoda pa adiresi iliyonse ya pa intaneti, kumvetsera ngati 3389 iyankhe. Sasankha ofesi yaikulu kapena yaing'ono. Ikangoyankha amayamba kuyesa mayina monga Administrator, admin ndi user, limodzi ndi mapasiwedi osawerengeka. Mukafuna kudzionera nokha, tsegulani Event Viewer, momwe Windows imalemba zochitika pa kompyuta, mupite pa Windows Logs kenako Security, musefe nambala 4625. Mzere uliwonse pamenepo ndi wina amene wayesa kulowa n'kulephera. Pa kompyuta yomwe yasiyidwa poyera mizereyi imagwa ngati mvula, sekondi ndi sekondi, dzina likungosinthasintha. Nambala 4624 ndi ya amene wakwanitsa. Mukaiona ili ndi Logon Type 10, kutanthauza kulowa kwa pa Remote Desktop, pa ola lomwe antchito onse anali mtulo, dziwani kuti mwalowedwa kale.

Komanso pasiwedi yolimba siitchinga zonse. Mu Meyi 2019 kampani ya Microsoft inatulutsa chigamba (update) chokonza vuto lotchedwa BlueKeep, lomwe linkalola munthu kulanda kompyuta kudzera pa Remote Desktop popanda pasiwedi n'komwe. Linali loopsa mwakuti anakonzeranso Windows XP, imene anali atasiya kuisamalira mu 2014.

Ena amati tisinthe nambala, 3389 ikhale 3390 kapena ina yachilendo. Phokoso la mu Event Viewer limachepa, inde, koma amene akufufuza ma port onse amaipezabe.

Njira yabwino ndi VPN, msewu wachinsinsi wolumikiza chipangizo chanu ku netiweki ya ku ofesi kudzera pa intaneti. Muyang'ane kaye ngati rauta yanu ili nayo kale, poti zambiri za masiku ano zimabwera ndi VPN ya mtundu wa WireGuard kapena OpenVPN. Ine ndimakonda WireGuard chifukwa ilibe zambiri: mumapanga makiyi awiri, yachinsinsi imatsala pa chipangizo chanu, inayo mumaiika pa rauta, n'kutsegula port imodzi ya UDP, kawirikawiri 51820. Chomwe chimandisangalatsa nayo n'chakuti wopanda kiyi akagogoda siiyankha chilichonse. Munthu aliyense akhale ndi kiyi yakeyake, kuti wina akasiya ntchito kapena laputopu yake ikabedwa, mungofufuta yake yokhayo. VPN ikalumikizana, mumatsegula Remote Desktop n'kulemba adiresi ya kompyutayo ya m'kati mwa ofesi, yomwe kawirikawiri imayamba ndi 192.168. Muli pa rauta pomwepo, zimitsani gawo lotchedwa UPnP, kuti rauta isamatsegule ma port mwa yokha.

Pa kompyuta yolowedwayo chitani izi. Siyani Network Level Authentication ili choyaka, kuti munthu azitsimikiza dzina ndi pasiwedi asanaone n'komwe sikirini. Pa mndandanda wa ololedwa kulowa muikepo okhawo ofunikadi, ndipo asagwiritse ntchito akaunti ya Administrator pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Lembani secpol.msc pofufuzira pa Start, mupite pa Account Lockout Policy, muike kuti akaunti izitsekeka kwa kanthawi munthu akalakwitsa kakhumi. Windows 11 yatsopano imabwera itaikidwa kale chomwecho, koma onetsetsani. Ndipo ngati ikadali Windows 10, kumbukirani kuti zigamba zake zanthawi zonse zinatha pa 14 Okutobala 2025.

Mapulogalamu ena olowera muli kutali monga TeamViewer ndi AnyDesk safuna kutsegula port, choncho mbava zimadzera kwa munthu. Foni imalira: "Bwana, tikuimba kuchokera ku banki, akaunti yanu ili ndi vuto, ikani pulogalamu iyi mutiwerengere nambala yomwe ikuoneka." Mukawerenga n'kudina kuvomera, mbewa ya kompyuta (mouse) imayamba kuyenda yokha inu mukuona. Auzeni antchito momveka kuti nambala imeneyo imaperekedwa kwa munthu amene iwo amuimbira okha, osati amene wawaimbira. Mukayatsa zolowa popanda wovomereza, ikani pasiwedi yaitali, muyatse chitsimikizo chachiwiri cha pa foni, ndipo mulembe mndandanda wa zipangizo zololedwa.

Amene muli ndi mafoni oimba kudzera pa intaneti (VoIP), nkhani ndi yomweyi pa port 5060, yomwe mafoniwo amalumikizira. Mbava zikapeza pasiwedi ya extension imodzi, yomwe ndi nambala ya foni ya m'kati mwa ofesi, zimaimba mafoni akunja usiku wonse, bilu n'kukhala yanu. Lolani adiresi ya kampani yokupatsani mzere yokha, tsekani kuimba kunja pa ma extension osafunika, ndipo ngati mafoniwo amayendetsedwa ndi pulogalamu ya Asterisk ikani fail2ban, yomwe imatsekera adiresi yolakwitsa pasiwedi kambirimbiri.

Mukamaliza zonsezi, zimitsani Wi-Fi pa laputopu, mulumikize ku intaneti ya pa foni, muyese kulowa pa adiresi yakunja ya ofesi VPN ili chozima. Iyenera kukana. Kenako yatsani VPN muyesenso.