Mukamaonera filimu ya ziwanda pagulu, muziyang'ananso anzanuwo osati sikirini yokha

Ine mafilimu a ziwanda ndimawakonda, makamaka aja oti pali pulofesa wina wamakani watsekera mtsikana m'chipinda, makamera mbwee, mawaya m'mutu, ati akufuna atsimikize kuti zogwidwa ndi mizimu kulibe ndi matenda a maganizo chabe, kenako zinthu n'kuyamba kumutembenukira yekha. Koma chomwe ndinazindikira n'choti theka la kukoma kwake silikhala pa sikirini ayi, limakhala pa anthu omwe mwakhala nawowo. Filimu yomweyo mukaonera nokha masana pa foni imangokhala ngati nthabwala, koma mukhale anthu angapo mumdima, wina angopuma mokweza, basi nonse thupi tsembwe. Nde ndati ndilembe mmene ndimachitira ndikamakonza zoonera filimu yotere ndi anzanga, komanso mmene mungadziwire poyang'ana anthuwo ngati filimuyo yaopsadi kapena yangochita phokoso.

Yambani ndi kusankha anthu, ndipo muwauze zoona. Osamunamiza munthu kuti bwera tione ya nthabwala kenako aone mwana akuyankhula ndi mawu a bambo wamkulu, imeneyo si nthabwala ndipo anthu amadana nazo zaka. Nkhani ya ziwanda ndiyosiyana ndi ya munthu wopha anzake ndi mpeni, chifukwa pagulu lililonse pamakhala wina amene kwa iye zimenezi si zopeka, amakhulupirira kuti zimachitika, mwina anazionapo munthu akupemphereredwa. Ameneyo akati ayi, ndi ayi basi. Funsaninso ngati pali wodwala khunyu, chifukwa mafilimu amenewa amakonda magetsi othwanima mothamanga ndipo kwa ena odwala khunyu kuthwanima kotero kumatha kuyambitsa kugwa. Wa vuto la mtima, amene waferedwa chaposachedwa, ndi ana, ine ndimangowasiya. Ana makamaka, olo atakakamira bwanji, poti iwo amaseka nthawi yoonerayo koma usiku ndi inu amene simugona.

Za chipinda sizovuta. Mdima inde, koma siyani kanyali kamodzi kukhonde kapena kuseri kwa mpando kuti wofuna kutuluka asapunthwe, komanso kuti inuyo muziona nkhope za anthu pang'ono. Chachikulu ndi mawu. Ngati mungasankhe pakati pa sikirini yaikulu ndi sipika yabwino, tengani sipika. Opanga mafilimuwa amaika kulira kwapansi kwambiri, kuja kumamveka pachifuwa kuposa m'khutu, ndipo mawu akafika cha pa 20 Hz (muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa mawu) kutsika m'munsi khutu la munthu limasiya kumva bwino koma thupi limadziwabe kuti pali chinachake. Pa sipika ya foni zonsezo zimasowa, n'chifukwa chake wina amati filimu ija inali yozizira pomwe anaionera pa kafoni ali pabedi masana. Mafoni onse aikidwe pansi chafufumimba. Rimoti ikhale ndi munthu mmodzi, ndipo musaimitse filimu pakati chifukwa mantha amachita kumangidwa pang'onopang'ono, mukaimitsa mphindi zisanu muyambiranso pa ziro. Inuyo khalani kumapeto cham'mbali, pamalo poti mukapendeketsa mutu mukuona aliyense.

Tsopano pa nkhani yeniyeni, kuwerenga anthu.

Woyamba kumuona ndi wokuwa. Chitseko chikangoti gwaa iye wakuwa, wakugwirani dzanja, kenako akuseka mpaka misozi. Ameneyu musadere naye nkhawa, ndi amene akusangalala kuposa nonse. Zomwe zachitika n'zoti kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala kaliza belu kaye musanaganize n'komwe, adrenaline wathamanga, mtima phaphapha, kenako maganizo afika mochedwa kudzanena kuti aaa ndi filimu chabe, ndiye mphamvu yatsalayo imatuluka ngati kuseka. Koma dziwani ichi, kukuwa kotero si umboni woti filimu ndi yabwino. Olo ine nditabisala kuseri kwa chitseko n'kuphulitsa baluni mudzakuwa. Ma jump scare, zodzidzimutsa zoterezi, ndi otchipa, aliyense angapange, ungotsitsa mawu kwa masekondi angapo kenako n'kumenya chiphokoso. Filimu yoti anthu akuwa ka 15 koma potuluka akukambirana za mpira, imeneyo sinawagwire.

Amene ine ndimamuyang'ana ndi uja wangoti zii. Sakuwa, saseka, wakweza miyendo pampando, manja wapinda pachifuwa, maso ali pa sikirini koma akuyang'ana pakona pomwe palibe chilichonse chikuchitika. Chipinda chonse chikafika pamenepo, palibe wotsokomola, palibe wosuntha, ndiye kuti filimu yagwira. Ndipo mudzaona kuti kawirikawiri zimachitika pamalo poti palibe chiwanda chaoneka, mwina mtsikana wangokhala pabedi akuyang'ana khoma, pulofesa akumufunsa funso lomwelo kachitatu, tepi ikuzungulira. Mafilimu a kafukufukuwa mphamvu yawo ili pamenepo, amakupatsani munthu wa sayansi woti mumudalire, wa manambala ndi zida, ndiye nkhope yake ikayamba kusintha inunso mulibe pogwira. Koma uja wa ziiyu muzimuonanso ndi diso lina, pali zii wosangalala ndi zii wa munthu amene zamupitirira. Akayamba kupuma mothamanga, thukuta, manja njenjenje, munong'onezeni kuti tiye tikamwe madzi, osamulengeza pagulu.

Palinso wolongolola, uja amati iwe usalowe mmenemo, thawa, bwanji osayatsa magetsi. Ndi uja wina amati zabodza izi, taonani ndi mekapu, chingwe chikuoneka icho. Onsewa akuopa, kungoti pakamwa ndi pomwe akutulutsira. Wotsutsayu ndimamukonda kwambiri chifukwa mukamuyang'anitsitsa amayankhula ndendende pomwe nyimbo yayamba kutsika, akudzitchinjiriza. Musakangane naye, mumuuze filimu isanayambe kuti ndemanga zonse tisunge mpaka pamapeto, apo ayi akuonongerani. Wina mudzamumva akupemphera chapansipansi, msiyeni, osamuseka.

Kukomoka kumachitikadi ngakhale si kawirikawiri. Filimu ya The Exorcist itatuluka mu 1973 nyuzipepala za ku America zinadzaza ndi nkhani za anthu okomoka ndi osanza m'masinema, ndipo chosangalatsa n'choti pamalo pena pomwe ambiri ankagwa sipanali pa chiwanda ayi, panali kuchipatala pomwe madokotala akumubaya mwana uja pakhosi magazi n'kuthovoka. Anthu ena thupi lawo likaona magazi kapena jakisoni, mtima umatsika liwiro, magazi sakwera bwino kumutu, munthu n'kugwa. Zikachitika kwanu musayambe kukuwa kuti chamulowa, mugonekeni chagada, kwezani miyendo yake, tsegulani zenera, musamumwetse kanthu asanatsitsimuke bwinobwino. Nthawi zambiri pakangopita kanthawi kochepa amadzuka ali ndi manyazi basi. Koma ngati sakudzuka, akugwedezeka thupi, wamenyetsa mutu kapena akudandaula pachifuwa, filimu yatha pompo, pitani naye kuchipatala.

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa nkhani ya anthu okomokayi ndi bizinesi. Mukamva kuti filimu iyi anthu akuthawa m'sinema, dziwani kuti ogulitsa amadziwa kuti palibe chokopa kuposa mantha a munthu wina. Wopanga mafilimu wa ku America William Castle mu 1958 ankapatsa aliyense wogula tikiti inshulansi ya madola 1,000 ngati angafe ndi mantha, chaka chotsatira anamangirira timakina tonjenjemera pansi pa mipando ina kuti anthu adumphe n'kukuwa, ena onse n'kutengera. Paranormal Activity, yomwe inajambulidwa ndi madola pafupifupi 15,000, mu 2009 inatsatsidwa poonetsa kwambiri nkhope za anthu akukuwa mumdima kuposa filimuyo, n'kupanga madola oposa 190 miliyoni. Nde mukamasankha filimu musatengeke ndi za okuwazo. Mantha amapatsirana ngati kuyasamula, mmodzi akadumpha oyandikana naye adumphanso asanadziwe n'komwe chomwe akudumphira. Funsani munthu amene anaionera sabata yatha kuti chomwe akukumbukira n'chani, akayamba kukanda mutu ndiye mwadziwa.

Filimu ikatha musabalalike nthawi yomweyo. Yatsani magetsi onse, khalani mphindi 20 kapena 30 mukucheza, thupi limafuna nthawi kuti litsike. Ndipo apa ndi pomwe pamabwera funso lija, mesa analemba kuti ndi nkhani yoona? Konzekeranitu, chifukwa mawu amenewo ndi amene amamusowetsa tulo munthu kuposa chiwandacho.

Mwachitsanzo The Quiet Ones ya 2014 imati inachokera pa zochitika zenizeni, koma zenizenizo n'zakuti mu 1972 ku Toronto, Canada, kagulu kotsogoleredwa ndi katswiri wa masamu A.R.G. Owen kanapeka dala mzukwa. Anamupatsa dzina loti Philip, anamulembera mbiri yabodza yoti anali munthu wolemekezeka wa ku England wa m'zaka za m'ma 1600, onse akudziwa kuti munthuyu sanakhaleko, kenako n'kumakhala mozungulira tebulo kumuitana. Iwo ananena kuti anayamba kumva kugogoda, kamodzi kutanthauza inde kawiri ayi, tebulo n'kumasuntha. Philip sanaonekepo, panalibe mtsikana wogwidwa ndi chiwanda, palibe anafa. Filimu inasamutsira zonse ku Oxford, England, n'kuonjezera zina zonsezo. Ndipo za matebulo osunthazi wasayansi Michael Faraday anaziyesa kale mu 1853, anaika makatoni pakati pa manja a anthu ndi tebulo pamodzi ndi kachizindikiro koonetsa chomwe chayamba kusuntha, n'kupeza kuti manja ndi amene amakankha eni ake osadziwa, ndipo anthuwo atamaona kachizindikirocho tebulo linasiya kuyenda. Sanali abodza ayi, minofu imatha kutsatira zomwe mukuyembekezera inu osamva. N'chimodzimodzi ndi bolodi ya Ouija, ija ya zilembo yomwe anthu amati amayankhulira ndi mizimu.

Nkhani inayo ndi yolemera ndipo muzisankha pomwe mukuinena. Anneliese Michel wa ku Germany, amene nkhani yake inapangidwa mafilimu angapo, anali ndi zaka 23 pomwe anamwalira mu 1976. Madokotala anali atamupeza ndi khunyu, anachitidwa mapemphero otulutsa ziwanda ka 67 m'miyezi pafupifupi 10, ndipo chinamupha ndi kusowa chakudya ndi madzi m'thupi. Mu 1978 khoti linapeza makolo ake ndi ansembe awiri olakwa chifukwa chonyalanyaza. Ine ndimainena osati kuti ndinyoze chikhulupiriro cha wina, pagulu pathu pamakhala okhulupirira ndi osakhulupirira ndipo kukangana za izo usiku pakati palibe amapambana. Ndimainena chifukwa ikanenedwa chipinda chimasintha, oseka aja amasiya, anthu amayamba kufunsa za mtsikanayo osati za chiwanda, kuti bwanji sanamutengere kuchipatala. Kwa ine filimu ya mtundu uwu yabwino imakusiyani ndi funso lomwelo, kuti pulofesa uja ndi chiwanda chija woopsa kwambiri anali ndani.

Wina adzati tiyeni tiyese ifenso, tebulo ili apa. Amakhalapo nthawi zonse, ndipo kawirikawiri ndi wotsutsa uja. Ine ndimakana, osati chifukwa ndikudziwa kuti kubwera chinthu, koma chifukwa anthu ali kale mtima m'mwamba, tebulo lidzasunthadi monga Faraday anaonetsera, ndipo mmodzi wa inu sadzakhulupirira kuti anali manja. Mudzakhala mwamupatsa mwezi wathunthu wogona nyali ili chiyakire chifukwa cha masewera a mphindi khumi.

Auzeniso za kupanikizidwa kutulo asanapite, kuja umadzuka maso ali tseguka koma thupi osasuntha, pachifuwa ngati pakhala munthu, pena n'kuona chithunzithunzi chaima pakhomo. Zimachitika ubongo ukadzuka thupi likadali lomangika monga limakhalira tikamalota, zimakonda munthu wogona mochedwa, wotopa kapena wogona chagada, ndipo zimatha zokha pakapita masekondi kapena mphindi zochepa. Munthu amene waonera filimu ya ziwanda n'kugona 2 koloko m'mawa akakumana nazo asakudziwa, mmawa akuimbirani akulira. Akadziwiratu amangoyesa kugwedeza chala chimodzi n'kupuma pang'onopang'ono mpaka zidutse. Amene akuopa kupita yekha muperekezeni kapena agone konko, ndipo chonde musamutumizire uthenga wa go go go pakati pausiku, ndinachitapo zimenezo kamodzi ndipo munthuyo sanabwerenso kudzaonera nafe.

Pakapita masiku awiri afunseni mmodzimmodzi kuti pamalo pati pakubwerabe m'mutu. Ulendo watha wokuwa wathu anati sakukumbukira bwino, anangoti inali bho. Uja wa zii anati kuyambira tsiku lija akamatsuka mano sakuyang'ana pagalasi, ndipo anafunsa kuti ina tionera liti.