Hamala Yoswera Miyala: Kugula, Kumenya ndi Kusamala Mpini

Hamala zikuluzikulu amazigulitsa potengera kulemera kwa mutu. Ya mapaundi 4 (makilogalamu 1.8) ndi ya dzanja limodzi, yomenyera tchizulo. Ya 7 kapena 10 imakwana kugwetsera khoma la njerwa. Ya 14, yomwe ndi makilogalamu 6.4, ndi ya mwala wa kwale ndi konkire wokhuthala. Musathamangire yolemerayo ngati mulibe chizolowezi: mkono ukatopa mumayamba kuphonya, ndipo kuphonyako ndiye kumathyola mpini, chifukwa khosi lake ndi lomwe limagunda mwala m'malo mwa chitsulo.

Mpini wa hamala ya manja awiri ukhale wa masentimita pafupifupi 90, wa mtengo wouma bwino, wopanda mfundo. Ena amawotcherera paipi yachitsulo kuti isathyoke. Sithyokadi, koma kunjenjemera konse kumathera m'zigongono ndi m'mapewa.

Pomenya, tangadzani miyendo pang'ono. Dzanja limodzi ligwire kumapeto kwa mpini, linalo pafupi ndi mutu. Hamala ikamatsika, dzanja lakumutulo litsetserekere pansi kukakumana ndi linzake. Musaikankhe, kulemera kwake ndiko kumaswa. Pa mwala, funani mng'alu kapena mzere wake n'kumamenya pamodzimodzi mpaka kulira kwake kusinthe. Konkire muyambire m'mphepete, mutakumba dothi la pansi pake, poti dothi likamutchinjiriza mumangotaya mphamvu. Valani magalasi oteteza maso ndi nsapato zolimba, ndipo ana akhale patali.

Mutu ukayamba kugwedera, ambiri amaviika hamala m'madzi usiku wonse. Mtengo umafufumadi n'kugwira, koma ukauma umafota kuposa kale ndipo mutu ukhoza kufwamphuka muli pakati pomenya. Chofunika n'kugunditsa tsinde la mpini pansi kuti mutu ukhazikike, kenako n'kukhomera kachitsulo kosongoka m'mutu mwa mpini, chopingasa ndi kamtengo kamene kanakhomedwa kale, kuti mpini utanuke n'kudzaza bowo. Mpini wong'aluka osaumanga ndi waya kapena mphira, ingosinthani.

Nkhope ya hamala ikaphwanyika m'mbali ngati bowa, palani ndi tupa kapena galayindala, pang'onopang'ono, osalola chitsulo kutentha mpaka kusintha mtundu, chifukwa chimafewa. Tizidutswa ta m'mbalimo tikathothoka timalasa diso. Mutu wokhala ndi mng'alu wafa basi, kuwotcherera sikuuchiza. Muziisunga m'nyumba, pouma, kutali ndi chiswe, mutapaka mutu oyilo pang'ono kuti usachite dzimbiri.