Zofunika kuziganizira posankha fulashi yapadera ya kamera ya digito

Ojambula ambiri amayamba kuganiza zogula fulashi yapadera akaona kuti kafulashi kamene kanabwerera limodzi ndi kamera kakuwagwiritsa mwala. Zithunzi za m'nyumba kapena za madzulo zimatuluka nkhope zili mbee, maso ali psuu, ndipo kumbuyo kwa munthu kumakhala mthunzi wakuda bii utamatirira kukhoma. Ambiri amaganiza kuti vuto ndi kuchepa kwa mphamvu, choncho amathamangira kukafunsa fulashi yowala kwambiri. Mphamvu ndi yofunikadi, koma chimene chimaononga zithunzi zotere kwenikweni ndi malo amene kuwalako kukuchokera. Kafulashi ka pa kamera kali pafupi kwambiri ndi lenzi, motero kuwala kumalunjika m'maso mwa munthu ndi kubwerera molunjikanso mu lenzi, n'chifukwa chake mitsempha ya magazi ya mkati mwa diso imaoneka yofiira pa chithunzi. Phindu lalikulu la fulashi yapadera ndi lakuti imakupatsani mwayi wosankha kumene kuwala kuchokere, ndipo mfundo imeneyi ndiyo iyenera kukutsogolerani pogula.

Chifukwa cha zimenezi, yambani mwaona mutu wa fulashi musanaone china chilichonse. Mutu wabwino umaweramuka kuloza m'mwamba mpaka madigiri 90, komanso umazungulira kumanja ndi kumanzere, makamaka mpaka madigiri 180 mbali zonse ziwiri. Mukaulozetsa kusiling'i yoyera kapena kukhoma loyera, kuwala kumagunda pamenepo, kumwazikana, kenako kumugwera munthu mofewa ngati kukuchokera pa windo lalikulu. Mithunzi imafewa, khungu limaoneka mwachibadwa, ndipo vuto la maso ofiira limatheratu. Mafulashi ang'onoang'ono ena amaweramuka kokha osazungulira, ndipo kuipa kwake kumaoneka mukatembenuza kamera kuti mujambule chithunzi choimirira, pakuti mutu umene unkaloza kusiling'i tsopano umaloza kukhoma la m'mbali, ndipo palibe njira youkonzera. Ine ndimalangiza kuti fulashi yosazungulira mutu isagulidwe n'komwe, pokhapokha ngati kupepuka kwake ndiko mukukufuna kuposa zina zonse. Kumbukiraninso kuti kuwala kumatenga mtundu wa chinthu chimene kwagundapo, choncho khoma lobiriwira limabiriwitsa nkhope, ndipo siling'i ya matabwa imazifiiritsa.

Chachiwiri, chimene chimataitsa anthu ndalama zambiri, ndi kugwirizana kwa fulashi ndi kamera. Pamwamba pa kamera pali kampando kachitsulo kotchedwa hot shoe, pamene phazi la fulashi limalowa. Pongoona ndi maso timipandoti timafanana, ndipo fulashi ya mtundu wina ikhoza kulowa bwinobwino pa kamera ya mtundu wina, koma mukayang'anitsitsa muona kuti pakati pali kachitsulo kamodzi kokulirapo, ndipo pafupi nako pali tizitsulo tina ting'onoting'ono timene kampani iliyonse inatiyala mwa njira yake. Kachitsulo ka pakatiko kamangouza fulashi kuti ithwanime, pamene tinato ndi timene kamera ndi fulashi zimalankhulirana za kuchuluka kwa kuwala. Canon imatcha njira yake yoyezera kuwala E-TTL II, Nikon imati i-TTL, Pentax imati P-TTL, ndipo njirazi sizimvana. Fulashi ya Nikon ikaikidwa pa kamera ya Canon mwina ithwanima, koma kamerayo singathe kuiuza kuti iwale motani. Makampani opanga mafulashi a makamera osiyanasiyana, monga Godox, amaika chilembo kumapeto kwa dzina la fulashi: C ya Canon, N ya Nikon, S ya Sony, F ya Fujifilm, ndipo O ya Olympus ndi Panasonic. Chilembo chimodzichi musachinyalanyaze, pakuti mabokosi ake amafanana kwambiri.

Ngakhale m'kampani imodzi zinthu zakhala zikusintha. Sony inkagwiritsa ntchito kampando kamene inatengera ku Minolta mpaka mu 2012 pamene inabweretsa Multi Interface Shoe, kotero fulashi yakale ya Sony silowa pa kamera yatsopano popanda cholumikizira. Canon nayo inayambitsa kampando katsopano mu 2021 pa EOS R3, ndipo fulashi ya Speedlite EL-5 imagwira pa makamera a kampando kameneka okha. Palinso makamera ena otsikirapo mtengo, monga EOS 4000D ndi EOS 250D, amene anatuluka opanda kachitsulo ka pakati kaja, moti fulashi wamba yodalira kachitsuloko sithwanima pa iwo. Njira yotetezeka ndi kulemba dzina lonse la kamera yanu, ndi kulifufuza pa mndandanda wa makamera amene wopanga fulashiyo watsimikiza kuti amagwirizana nayo.

Njira zoyezera kuwala zija zonse zimatchedwa TTL mwachidule, ndipo mwina mukudabwa kuti TTL imagwira ntchito bwanji. Mukadina batani lojambulira, fulashi imayamba yathwanima pang'ono chithunzi chisanajambulidwe, kamera imayeza kuwala kumene kwabwerera kudzera mu lenzi, ndipo imawerengera mphamvu yoyenera ya kuthwanima kwenikweni. Zonsezi zimachitika mofulumira kotero kuti diso limaona ngati kwathwanima kamodzi. Kwa munthu wojambula pa misonkhano ndi zochitika zina pamene anthu sakhala malo amodzi, TTL ndi yothandiza kwambiri chifukwa mtunda umasintha pa chithunzi chilichonse. Komabe imasokonezeka ndi zovala zoyera kwambiri kapena zakuda kwambiri, magalasi ndi zinthu zonyezimira, choncho fulashi imene mukugula ikhalenso ndi njira yoti muziika mphamvu nokha, kuyambira 1/1 imene ndi mphamvu yonse kutsika mpaka 1/64 kapena 1/128. Amene amajambula zinthu zosayenda, monga katundu pa tebulo kapena zithunzi za munthu atakhala pa mpando, angathe kugula fulashi yopanda TTL n'komwe, ndipo ntchito yawo sichepa ubwino, chifukwa akaika mphamvu kamodzi kuwala sikusinthanso.

Tsopano tifike pa mphamvu. Opanga mafulashi amailemba ndi nambala yotchedwa guide number, kapena GN mwachidule, ndipo masamu ake ndi osavuta: mukagawa GN ndi nambala ya kabowo ka lenzi (monga 4 pa f/4), mumapeza mtunda umene kuwala kungafike pa ISO 100 (ISO ndi muyezo wa mmene kamera imamvera kuwala). Kafulashi ka pa kamera kawirikawiri kamakhala ndi GN ya 12 kapena 13, ndiye kuti pa f/4 kamafika mamita atatu okha. Fulashi ya GN 36 pa f/4 yomweyo imafika mamita 9. Mukakweza ISO kuchoka pa 100 kufika pa 400, mtundawo umawirikiza kawiri.

Pamene pafunika kusamala ndi poyerekeza manambalawa. Mutu wa fulashi umatha kusonkhanitsa kuwala pamalo aang'ono molingana ndi kutalika kwa lenzi, ndipo kukasonkhana chotero GN imakwera ngakhale mphamvu ya fulashi siinasinthe. Canon inalemba GN 60 pa Speedlite 600EX-RT, koma inayeza pa 200mm, pamene Nikon inalemba GN 34 pa SB-910 itayeza pa 35mm. Wosadziwa angaganize kuti yoyambayo ili ndi mphamvu pafupifupi kawiri, chonsecho mukaiikanso pa 35mm GN yake imatsika kufika cha m'ma 36, ndipo ziwirizi zimakhala pafupifupi zofanana. Onaninso ngati nambalayo ili m'mamita kapena m'mafiti, popeza GN 60 m'mamita ndi GN 197 m'mafiti, ndipo otsatsa malonda ena amakonda kuonetsa nambala yaikuluyo osatchula muyezo wake.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu angafune mphamvu yambiri ngati amene akumujambula ali pa mamita atatu okha? Yankho lili pa kulozetsa kusiling'i kuja. Kuwala kumachepa mofulumira mtunda ukamakula, moti mtunda ukawirikiza kawiri kuwala kotsala kumakhala gawo limodzi mwa magawo anayi. Kuwala kopita kusiling'i ndi kubwerera kumayenda ulendo wautali, ndipo siling'iyo imamezako kwina. M'chipinda chachikulu cha denga lalitali fulashi yofooka imathwanima ndi mphamvu zake zonse pa chithunzi chilichonse, imachedwa kudzaza, ndipo imatentha msanga. Fulashi yamphamvu yogwira ntchito pa theka kapena kota ya mphamvu yake imadzaza mwamsanga ndipo imakhalitsa. Kwa anthu ambiri fulashi ya pakatikati, ya GN yoyambira 28 kufika 36 pa 35mm, ndi yokwanira.

Nthawi imene fulashi imatenga kuti idzaze ikatha kuthwanima imadalira kwambiri mabatire. Mafulashi ambiri amadya mabatire anayi a AA, ndipo apa mabatire otchajanso a NiMH amaposa a alkaline kutali, chifukwa amapereka magetsi ambiri nthawi imodzi ndipo safooka pang'onopang'ono monga amachitira a alkaline. Sankhani a mtundu wosunga moto nthawi yaitali, monga Eneloop, kuti musakapeze atha okha ali m'chikwama. Mafulashi ena atsopano ali ndi batire yawoyawo ya lithiamu imene imadzaza fulashi pasanathe masekondi awiri ndipo imajambula zithunzi mazana angapo pa mphamvu yonse, koma ikatha pakati pa ntchito simungaiikire ina iliyonse, choncho mugule yachiwiri tsiku lomwelo. Mukamasunga fulashi kwa nthawi yaitali chotsanimo mabatire, makamaka a alkaline, amene amatha kuchucha ndi kudya tizitsulo ta mkati.

Kamera iliyonse ili ndi malire a liwiro la shutter (makatani a mkati mwa kamera amene amatseguka kuti kuwala kulowe) pamene fulashi ingagwire ntchito, ndipo pa makamera ambiri malirewo ali pa 1/200 kapena 1/250 ya sekondi. Mukapitirira pamenepo, makatani a shutter satsegukanso onse nthawi imodzi, ndipo mbali ina ya chithunzi imatuluka ndi mzere wakuda. M'nyumba zimenezi sizivuta, koma panja dzuwa likuswa mtengo, pamene mukufuna kuwalitsa nkhope imene ili mumthunzi kwinaku kabowo ka lenzi kali kotsegula kwambiri, mumafunika liwiro loposa pamenepo. Apa m'pamene pamafunika high-speed sync, imene Nikon imaitcha Auto FP, pamene fulashi imathwanima kambirimbiri motsatizana pa nthawi yonse imene makataniwo akuyenda. Njirayi imadya mphamvu zambiri ndipo mtunda umene kuwala kumafika umachepa kwambiri, komabe kwa wojambula anthu panja masana ndi yofunika. Amene amajambula m'nyumba mokha asailipirire ndalama zowonjezera.

Ganiziraninso za mtsogolo, pamene mudzafune kuchotsa fulashi pa kamera ndi kuiimika pambali, mwina ndi ambulera yofewetsa kuwala. Mafulashi akale ankauzana pothwanimirana, njira imene imafuna kuti azionana ndipo imalephera padzuwa. Masiku ano ambiri amalankhulana pa wailesi ya 2.4 GHz, imene Canon inaiika m'kati mwa fulashi mu 2012 pa 600EX-RT, ndipo imagwira ngakhale fulashi itabisika kuseri kwa khoma. Njira za wailesizi nazo sizimvana pakati pa makampani, kotero fulashi yoyamba imene mugule ndiyo idzakusankhireni yachiwiri ndi kachipangizo kotumizira uthenga. Ngati mukugula fulashi yongothwanima ikaona inzake yathwanima, onetsetsani kuti ili ndi njira ziwiri zotchedwa S1 ndi S2, chifukwa S2 imanyalanyaza kuthwanima koyamba kwa TTL kuja ndi kudikira kwenikweniko.

Mafulashi a makampani ena osati opanga kamera afika pabwino kwambiri, ndipo kwa woyamba kumene ndi chisankho chanzeru. Chimene muyenera kufufuza ndi ngati ali ndi polowetsa USB, chifukwa mukadzagula kamera yatsopano pangafunike kuikamo pulogalamu yatsopano kuti TTL igwire bwino. Fulashi yopangidwa ndi kampani ya kamera yanu imakhala yodula, koma kawirikawiri imayeza kuwala mosasinthasintha ndipo ina imatetezedwa ku fumbi ndi chinyontho.

Chenjezo lalikulu likukhudza mafulashi akale a nthawi ya makamera a filimu. Ena mwa iwo, monga ena mwa oyambirira a Vivitar 283, amatulutsa magetsi opitirira mavolti 200 pa phazi lawo, pamene makamera ena a digito anapangidwa kuti azilandira mavolti 6 okha, ndipo kuika fulashi yotere pa kampando kungawotche za mkati mwa kamera. Musanaiike, yatsani fulashiyo, dikirani idzaze, ndipo muyeze ndi mita yoyezera magetsi pakati pa kachitsulo ka pakati ndi ka m'mbali mwa phazi; mukapeza nambala yaikulu, igwiritseni ntchito kutali ndi kamera kudzera pa kachipangizo kopirira magetsi otere. Fulashi iliyonse yogwirapo kale ntchito iyesedwe pa kamera yanu musanalipire: yang'anani ngati phazi lilibe mng'alu, ngati loko wake akumanga, ngati galasi la kutsogolo silinachite chikasu kapena kusungunuka ndi kutentha, ndipo muithwanimitse kangapo pa mphamvu yonse mukuwerenga masekondi amene ikutenga kuti nyali yosonyeza kuti yadzaza iyake. Ikakhala ndi vuto musaitsegule nokha, pakuti kapasita ya m'kati imasunga magetsi a mavolti pafupifupi 300 ngakhale mabatire atachotsedwa, ndipo ntchito imeneyo ndi ya amisiri odziwa kuichotsa moto asanaigwire.