Namasupuni: kumudziwa, komwe amakonda komanso kachotsedwe kake

Namasupuni si chomera cha kuno kwathu ayi, kwawo ndi ku South America, mbali za Amazon, nde anthu anamunyamula kamba ka duwa lake lokongola nkumakamudzala mmadamu okongoletsa pakhomo, kenako anangothawira mmitsinje basi. Mu Shire anaonekera kumunsi cha mma 1960, pano wafika ku Lake Malombe, wadzadza ku Elephant Marsh komanso amaunjikana pa baraji ya Liwonde, ndipo akadutsa pamenepo amakatseka polowera madzi ku Nkula ndi Tedzani magetsi nkuvuta. Ku Lake Victoria anaoneka cha mma 1989, aliponso ku Kafue ku Zambia, Lake Chivero ku Zimbabwe ndi damu la Hartbeespoort ku South Africa.

Kuti mutsimikize kuti ndi iyeyo, zulani mmodzi mufinye kaphesi ka tsamba. Kamakhala kotupa, mkati muli ngati siponji, ndiko kamamuyandamitsa. Masamba ndi obiriwira onyezimira, mizu yakuda yaubweya yongolendewera mmadzi, duwa lake ndi lapepo ndipo kumtunda kwake kuli kadontho kachikasu.

Mukamafufuza musataye nthawi ndi pamathithi kapena madzi amchere, sakhalako. Yang'anani pomwe madzi aima kapena akuyenda pang'onopang'ono, mmagombe obisika kumphepo, mmadambo, mngalande za mthirira, makamaka komwe feteleza wakumunda, ndowe ndi zonyansa za mtauni zikutsikira mmadzi chifukwa chakudya chake nchimenecho, akachipeza masabata awiri okha amatha kuchuluka kawiri.

Apa nde pofunika kumvetsetsa. Muchotseni akadali ochepa komanso asanachite maluwa, njere zake zimagona mmatope zaka mpaka 20 nkudzamerabe. Kokani ndi leki kapena ukonde wakutha, musamudule ndi chikwanje muli mmadzi chifukwa kachidutswa kokhala ndi mphukira kamayambanso moyo komwe kakafike. Mukamuvuula kamuunjikeni kumtunda kutali, komwe madzi osefukira safika, aume kaye kenako mupange manyowa. Ine zomusiya mphepete mwa mtsinje zimandiwawa kwambiri, mvula ikangogwa yense uja amabwerera mmadzi ntchito yonse nkupita pachabe.

Mukaona masamba ali ndi timabala todyedwa, ndi anankafumbwe a Neochetina omwe anabweretsedwa dala kuti azimufooketsa, musawapopere mankhwala chonde. Ndipo asodzi, musanasamutse bwato kapena maukonde kupita kumadzi ena, chotsani kachidutswa kalikonse nkuyanika kaye padzuwa.